Pansi Panali Pouma

M'nyumba ina ya kumpoto kwa mzinda wa Johannesburg munali thanki yagalasi yotalika mita imodzi ndi theka, yodzaza madzi amchere, momwe mwini nyumba ankawetamo makorali ndi nsomba zingapo za m'nyanja yaikulu. Wogwira ntchito pakhomopo anali mnyamata wa ku Nkhotakota amene anatsatira malume ake ku Joni. Nsomba ankazidziwa kuyambira ali wamng'ono, koma zake zinali chambo, utaka ndi kampango. Makorali anayamba wawayesa miyala yopakidwa utoto. Patapita nthawi anamvetsa kuti ndi zamoyo, tinyama ting'onoting'ono tokhala mounjikana pa chigoba cha laimu chomwe timamanga tokha, ndiponso kuti kanthambi kamodzi kangathe kudya malipiro ake a masiku angapo.

Zamoyo zimenezi n'zosachedwa kukhumudwa. Zimafuna mchere wofanana ndi wa kwawo kunyanja, magalamu pafupifupi 35 pa lita iliyonse, ndi kutentha kosachoka patali ndi madigiri 25. Nsomba zikamadya ndi kudzithandiza madzi amaipa pang'onopang'ono, makorali nawo amayamwa kashiamu pomanga zigoba zawo, choncho mwini thanki amachotsako madzi akale n'kuthiramo atsopano. Ambiri amasintha gawo limodzi mwa magawo 10 pa sabata kapena pa masabata awiri. Pa thanki ya malita 500 ndiye kuti malita 50: kusungunula mchere, kunyamula ndowa, kukolopa matailosi. Bwana uja ntchitoyi inamukwana, ndipo anagula makina osintha madzi okha.

Kagwiridwe ka makinawa n'kosavuta. M'kabati ya pansi pa thanki mumakhala thanki ina yaing'ono yotchedwa sump, momwe madzi amasefedwa asanabwerere pamwamba. Pampu imodzi imatunga madzi akale mu sump n'kukawataya kunja, inzake imatunga atsopano mumgolo n'kuwathira mu sump muja pa muyezo womwewo. Bwanayo anatchera kuti m'mawa uliwonse muzituluka malita 5 n'kulowa malita 5. Mapampu ake anali ofinya: mkati muli kachubu kofewa ndi timawilo tomwe timazungulira tikukapana, n'kumakankha madzi kutsogolo. Pampu yotere ikaima, kawilo kamodzi kamatsala katapana kachubu ndipo madzi sadutsa. Kapaipi kotayira madzi anakadutsitsa pakhoma, n'kukatsetsereza mpaka ku ngalande ya kuseri kwa nyumba, yomwe inali m'munsi ndithu poti pulotiyo inali pamtsetse.

Pali chipangizo chachitatu, ndipo nkhani yonseyi yagona pa icho. Madzi a m'thanki amauma tsiku ndi tsiku, koma mchere suuma nawo, umatsala. Ouma aja amabwezeredwa ndi madzi opandiratu mchere, osefedwa ndi makina a RO. Mu sump mumakhala kasensa. Madzi akatsika kamayatsa kapampu, kapampuko n'kuthira mpaka afike pamzere. Eni mathanki amangoti ATO. Kasensako kamaona chinthu chimodzi chokha, choti madzi atsika. Kaya auma, kaya atayikira pansi, kaya apita ku ngalande, iko sikadziwa ndipo sikafunsa.

Kwa miyezi yambiri zonse zinayenda bwino. ATO inkatunga m'chigubu cha malita 20, ndipo kudzaza chigubucho inali ntchito ya mnyamata uja. Ankadziwa kuti chimatha masiku anayi, kukatentha kwambiri atatu.

Pakati pa Disembala Johannesburg amachepa anthu, mabanja amathamangira kugombe. Bwana ndi banja lake anakonza zokakhala ku KwaZulu-Natal masabata atatu. Kutatsala masiku awiri kuti anyamuke, analumikiza chigubu chija ku makina a RO, n'kuikamo kavalavu ka mpira woyandama kuti chizidzaza chokha. Kaya ankafuna kumupeputsira mnyamatayo ntchito, kaya sankamukhulupirira, akudziwa ndi mwini wake. Pansi m'kabati anaikamo kachipangizo komwe kakanyowa kamalira n'kutumiza uthenga pa foni. Ndipo anasiya mawu: "Uzidyetsa nsomba m'mawa ndi madzulo, pang'ono. Ukaona madzi pansi undiimbire. China chilichonse osakhudza."

Kachubu ka m'pampu yotayira kanali kakupanidwa miyezi yonseyo, kakuphwatalala, ndipo m'masiku oyamba a tchuthicho kanafika poti kawilo sikakatsekanso bwinobwino. Kapaipi kanali kodzaza madzi, mutu wake uli mu sump, mchira uli kunsi ku ngalande. Amene anakokapo petulo m'thanki ya galimoto ndi paipi akudziwa zomwe zimachitika: ukangoyamwa kamodzi, chigubu chili pansi, petulo amatsika yekha mpaka utakweza paipiyo. Madzi anayamba kudzikoka choncho, pampu ili chiimire. Sanali ambiri, pafupifupi lita imodzi pa ola. Pa kapaipi kameneka bwana anali ataikapo valavu yoletsa madzi kubwerera, ndipo mtima wake unali m'malo chifukwa cha valavuyo. Koma madziwa sankabwerera. Ankapita komwe pampu imawatumiza masiku onse, ndipo valavuyo inkawapatsa njira.

Lita imodzi pa ola ndi malita 24 pa tsiku, pafupifupi magawo 5 pa 100 a madzi onse a m'thankimo. Otuluka anali amchere. Olowa m'malo mwawo, kudzera mwa ATO, anali opanda mchere. Patatha masiku anayi mchere unali utatsika kuchoka pa 35 kufika cha m'ma 29, pokwana sabata unali cha m'ma 25. Chikanakhala chigubu chakale chija, chikanauma tsiku loyamba lomwelo ndipo mnyamata akanadabwa. Ngakhale akanapanda kudabwa, madzi opanda mchere olowa m'thanki sakanaposa malita 20. Tsopano kumbuyo kwa chigubucho kunali mpopi wa mzinda wonse.

Pansi panali pouma. Alamu sinalire. Madzi mu sump anali pamzere penipeni, kutentha 25, ndipo bwana akasuzumira pa foni kugombe kuja ankaona zonse zili bwino.

Zizindikiro zinalipo, kungoti palibe anamuuza mnyamatayo kuti ndi zizindikiro. Makina a RO ankangoti psii usana wonse, pomwe kale ankagwira kanthawi n'kukhala chete. Pothirira maluwa masana anaona kapaipi ka ku ngalande kakudontha, chonsecho makina amasintha madzi m'mawa mokha. Skimmer, chija chimawiritsa thovu n'kumasonkhanitsa zonyansa zabulauni m'kapu, chinasiya kukweza thovu, poti madzi ochepa mchere sagwira thovu bwino. Kapu inali yoyera, iye n'kumati madzi ayera. Koma zomwe zinamusokeretsa kwambiri ndi nsomba. Zinkadya mosangalala, zikusambira ngati masiku onse. Nsomba zambiri za m'nyanja yaikulu zimapirira madzi ochepa mchere, moti ena amatsitsa dala mchere m'thanki yapadera pochiza nsomba zomwe zatuluka timawanga toyera. Makorali, nkhono ndi tinkhanu alibe mphamvu imeneyo. Matupi awo amangotsata madzi owazungulira, ndipo mchere ukachepa kunja, madzi amalowerera m'maselo mwawo n'kuwatupitsa. Munthu wokulira ku nyanja ya Malawi akaona nsomba zikudya amati madzi ali bwino, ndipo kwawo salakwa.

Makorali anayamba ndi kukwinyika, osatambasukanso magetsi akayaka. Kenako nkhono zinagwa pagalasi n'kugona chagada pamchenga. Pokwana sabata tinkhanu tiwiri tinali titafa, ndipo korali yanthambi ya mtundu wa Acropora, yomwe bwana ankaonetsa mlendo aliyense, inayamba kusupuka kuchokera kutsinde, n'kumasiya chigoba choyera. Mnyamata anagwada n'kupapasa m'kabati. Munali mouma. Bwana anati aimbe akaona madzi pansi, ndipo pansi panalibe madzi. Anaimbira malume ake.

Ena anganene kuti safunsa anadya phula. Ine mwambiwu sindingamuponyere mnyamatayu. Munthu ukamuuza kuti asakhudze kanthu, osamuuza chimene chinthucho chimachita, wamuphunzitsanso kuti asafunse. Ndipo kwa wantchito wa dziko la eni, kuimbira bwana ali pa tchuthi kuti "miyala yanu ikuoneka yokwiya" si chinthu chapafupi.

Malumewo ankagwira ntchito pa kampani ina yosamalira mathanki a nsomba m'maofesi ndi m'nyumba za anthu. Anafika madzulo ataweruka.

"Mchere wayeza?" anafunsa asanakhale n'komwe pansi.

"Ayi, malume. Sanandionetse kayezedwe kake."

"Nanga chigubu cha ATO chikutha masiku angati?"

"Sichikuthanso. Bwana anachilumikiza ku mpopi."

"Ohoo."

Anatulutsa refractometer m'chikwama, kachipangizo kosuzumira ndi diso limodzi, n'kudonthezapo madzi a m'thanki. Anasuzumira kugetsi, anakapukuta, anakayesa ndi madzi oyezera a 35 omwe amayenda nawo kuti aone ngati sikakunama, n'kubwerezanso. Kanasonyeza 25.

"Kapaipi kotayira kamathera kuti?"

Anazungulira kuseri ndi tochi ya pa foni, n'kukapeza kakudontha. Malume anabwerera m'nyumba, anazula mutu wa kapaipiko mu sump, anazimitsa ATO n'kutseka mpopi wa RO. Potembenuka anaona mphwawo atanyamula kale ndowa ya mchere.

"Ndithiremo, malume?"

"Usayerekeze. Mchere wouma ukagwera pa korali umaiwotcha. Ndipo ukakweza msangamsanga upha ndi zomwe zatsalazi. Tisungunulira mumgolo, tizisinthako madzi pang'ono, mchere uzikwera ndi gawo limodzi kapena awiri pa tsiku. Zitenga sabata. Tsopano imba foni."

Funso loyamba la bwana linali lakuti, "Wakhudza chiyani?" Malume analanda foni n'kufotokoza okha. Atamaliza anatsegula pampu, anachotsa kachubu kaja, kali phwatalala pamalo pomwe timawilo timadutsa, n'kukaika m'kajumbo. "Aka usakataye, mphwanga. Ndi mboni yako."

Bwana analola kuti malumewo akonze zonse, ndipo masiku otsatirawo ankabwera akaweruka. Choyamba anachotsa mwayi woti madzi adzikokenso. Kapaipi kotayira anakakweza pakhoma kupitirira mzere wa madzi a mu sump, n'kukathera mlengalenga pakamwa pa paipi ina yaikulu, ndipo yaikuluyo ndi yomwe inkatsika kupita ku ngalande. Mchira ukakhala pamwamba kuposa madzi omwe mutu wamiramo, kachubu katha kaya sikanathe, madzi sangakwere okha. Mutu nawo anaumangirira kuti umire masentimita ochepa chabe, kuti zitavuta madzi akangotsika pang'ono kapaipi kayamwe mpweya. Kenako analoza mgolo wa malita 200 womwe unali m'galaja. Madzi ake anali pamwamba kuposa sump, ndipo kachubu ka pampu yachiwiri kanali ka msinkhu womwewo ndi kanzake. Kakanayamba kutha ndi iko, mgolo wonse ukanatsanukira m'kabati, sump n'kusefukira pabalaza. Kapaipi kameneko anakakwezanso kuti kazithira pamwamba pa thanki yaikulu, kupitirira pomwe mgolo umadzazira, kukamwa kwake kosamira m'madzi. Valavu yoletsa kubwerera ija anaisiya, koma anati asaidalire: mchenga, laimu kapena kankhono kamodzi n'kokwanira kuilepheretsa kutseka.

Chigubu cha ATO anachimasula ku mpopi. Malita 20 onse atathiridwa m'thanki ya malita 500, mchere ungatsike kuchoka pa 35 kufika pafupifupi 33.6, ndipo makorali angadandaule koma osafa. Anatcheranso kuti kapampu ka ATO kakagwira ntchito kupitirira mphindi zake kazizima n'kuliza alamu.

Pomwe anachedwa kwambiri ndi pa zolumikizira. Timapaipi ta makinawa ndi tolimba ngati ta RO, ndipo timalumikizidwa ndi tizolumikizira tongokankhira: mkati muli timano togwira kapaipi, kuseri kwa timanoto kuli kalabala kozungulira komwe kamatseka madzi. Malume ankayenda ndi chala pa cholumikizira chilichonse, akufuna mchere woyera woundana. Madzi amchere akamachucha pang'ono amauma asanafike pansi, koma amasiya chikanga choyera, ndipo anachipeza pa malo awiri. Poyamba kapaipi kanadulidwa ndi sizasi, kanatuluka kopendekeka ndi kophwanyika kukamwa, kalabala osakagwira mozungulira monse. Anakadulanso ndi kampeni kodulira mapaipi, mowongoka, n'kuchotsa mbali yomwe timano tinakanda. Pachiwiri panali povuta kuona ndi maso: kapaipi ka mamilimita 6 kanalowetsedwa m'cholumikizira cha kota ya inchi, yomwe ndi mamilimita 6.35. Ku South Africa zonse ziwiri zimagulitsidwa, zimaoneka zofanana, zimalowana bwinobwino, ndipo zimadontha.

"Ukamakankha, pamene payamba kulimba si pothera," anatero akumupatsa mphwawo kuti ayese yekha. "Amenewo ndi mano chabe. Kankhanso mpaka kadutse labala kagunde. Ukatero koka pang'ono uone ngati kagwira, kenako vekapo kakilipi aka."

Anamuonetsanso kuti kapaipi kasapindike pafupi ndi cholumikizira, chifukwa kakamakokera mbali imodzi labala amatseguka mbali inayo. Pokhota pamafunika chigongono chake, ndipo kapaipi kamangiriridwe kukhoma kuti munthu pokolopa asakakole ndi mopu. Chubu chofewa cha silikoni sichilowetsedwa m'zolumikizira zokankhirazi, chimavekedwa pa kamphuno ka mizeremizere n'kumangidwa ndi chomangira chapulasitiki. Bwana anali atamanga china ndi chachitsulo, ndipo dzimbiri linali litachidya kale. Za mkuwa ndiye zosayandikitsa n'komwe, poti mkuwa ndi poizoni kwa makorali ndi tinkhanu. Mnyamata atanena kuti kudontha kwa pa zolumikizirazo kunali kochepa, malume anamuwerengetsa: madontho 20 ndi pafupifupi mililita imodzi, tsiku lili ndi masekondi 86,400, ndiye dontho limodzi pa sekondi ndi malita oposa 4 pa tsiku.

Kapaipi kochokera kugalaja kanadutsa m'siling'i, ndipo atakwera anapeza kuti pakatikati bwana analumikiza zidutswa ziwiri. Malume anakachotsa konse n'kuika kamodzi kosadukiza, katalowetsedwa m'paipi ya kondwiti chifukwa cha makoswe. Lamulo lawo linali loti cholumikizira chisakhale pamalo pomwe diso silifika.

Zotsala zinali zoyesa. Anayala nyuzipepala pansi pa cholumikizira chilichonse, anayendetsa mapampu, n'kuzisiya usiku wonse. Pampu iliyonse anaithiritsa m'jagi yoyezera kuti aone ngati malita 5 a iyi ndi malita 5 a iyo, chifukwa zikasiyana ATO imakwiriranso kusiyanako mwakachetechete. Anazula pulagi yaikulu n'kudikira kuti madzi obwerera kuchokera pamwamba akwane mu sump osasefukira. M'dziko lomwe mu 2023 magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse, mayeso amenewa ukapanda kuwachita wekha adzachitika iwe kulibe. Ekisitenshoni yomwe inali pansi m'kabati anaikhomerera m'mwamba, mawaya n'kuwalendeweretsa kunsi asanakwere kukalowa m'soketi, kuti dontho lotsata waya ligwe panjira. Kachipangizo ka alamu anakakhudzitsa kansalu konyowa, ndipo kanalira bwinobwino. Sikanali kowonongeka. Pa pampu iliyonse anamatapo tepi n'kulembapo tsiku lomwe aika kachubu katsopano.

Makina osintha madzi okha si oipa, ndipo makorali amakondwa ndi madzi osinthidwa pang'onopang'ono kuposa ndowa zisanu pakamodzi. Chomwe ine ndimatsutsa ndi kuchotsa pamalo munthu amene amadziwa kuti chigubu chimatha masiku anayi. Pa nyumba imeneyi chida chokhacho chomwe chikanagwira vutoli tsiku loyamba anali mnyamata uja ndi chigubu chake, ndipo n'chomwe bwana anazimitsa ponyamuka.

Acropora ija inafa, pamodzi ndi makorali ena olimba angapo. Ofewa ambiri anatsitsimuka. Nsomba zonse zinakhalapo. Bwana atabwerako anatembenuza kachubu kaja m'manja kwa nthawi yaitali. Sanapepese pa funso lake lija, koma sanadule malipiro, ndipo sabata yotsatira anagula refractometer ndi kabuku, n'kuzipereka kwa mnyamatayo kuti aziyeza ndi kulemba m'mawa uliwonse. Si onse amene amakhala ndi malume odziwa ntchitoyi. Ena amachotsedwa ntchito pa mlandu wa kachubu komwe sanakaonepo.

Ngati akusiyirani thanki yotere Disembala akubwerayu, musawalole kunyamuka asanakuonetseni kayezedwe ka mchere, komwe kapaipi kotayira kamathera, ndi pozimitsira ATO. Afunseninso nambala ya munthu woti mumuimbire makorali akakwinyika. Kuyeza mchere kumatenga mphindi ziwiri, ndipo nambala ikachoka pa 35 kufika 33, imbani tsiku lomwelo.